Galimoto mwagula ija yavuta: zoyenera kuchita kuti lamulo likhale mbali yanu

Malamulo oteteza ogula alipo m'mayiko ambiri, ndipo pa nkhani ya galimoto amanena zinthu zofanana ndithu. Wamalonda akakugulitsani galimoto, iyenera kukhala monga anaifotokozera, iyenera kuyenda bwinobwino, ndipo ikhale yolingana ndi zaka zake komanso mtengo umene mwalipira. Anthu ambiri amene amaluza milandu yotere amagwa pa zinthu ziwiri, nthawi ndi umboni. Ufulu wobweza galimoto uli ndi masiku ake owerengeka, ndipo masikuwo amayamba kutha tsiku limene mwalandira makiyi. Wogulitsa amazidziwa zimenezi kuposa inu. N'chifukwa chake mukamuimbira amati, "Bwerani sabata yamawa, abwana kulibe."

1. Dziwani kaye kuti mukugula kwa ndani

Ufulu wanu wonse wagona pa funso limeneli. Malamulo oteteza ogula analembedwa kuti amange anthu amalonda: kampani yogulitsa magalimoto, munthu wokhala ndi yadi yake, ngakhalenso uja wotsatsa pa intaneti amene mwezi uliwonse amakhala ndi galimoto ina. Munthu wamba wogulitsa galimoto yake imene wakhala akuyendera, malamulo ambiri amangomumanga pa zinthu ziwiri: ikhale yakedi, ndipo asaname za iyo. Injini ikafa patatha sabata, iye asananamepo kanthu, zanu zada.

Amalonda ena anautulukira mpata umenewu, ndiye amadzisandutsa anthu wamba. "Ndi ya alamu anga, ine ndikungowathandiza kugulitsa." Mukamva choncho funsani zinthu zitatu: dzina lili pa mapepala a galimoto ndi la ndani, ndalama zipita kwa ndani, lisiti alemba ndani. Mayina atatuwo akakhala osiyana, tsiku la vuto aliyense adzaloza mnzake chala.

2. Musanalipire, fufuzani zimene lamulo silingakukonzereni pambuyo pake

Yambani ndi nambala ya chasisi. Kuyambira mu 1981 magalimoto ambiri amakhala ndi nambala yotchedwa VIN, ya zilembo ndi manambala 17, ndipo mulibe I, O ndi Q kuopa kuzisokoneza ndi 1 komanso 0. Magalimoto opangidwira msika wa ku Japan amakhala ndi nambala ya chasisi yofupikirapo. Musakhutire ndi kapepala komata pa mzati wa chitseko. Pezani pamene nambalayo anaidinda pa chitsulo penipeni, m'boneti kapena pansi pa mpando, muiwerenge chilembo ndi chilembo moyerekeza ndi ya pa mapepala. Pasisiteni ndi chala. Ngati pali zipsera za kuwotcherera, kapena penti wa pamenepo ndi watsopano pomwe kwinaku ndi wakale, tsanzikani. Chifukwa chake n'chakuti pali lamulo lakale limene makhoti a m'mayiko ambiri amatsatira: munthu sangakupatseni umwini umene iye alibe. Galimoto yakuba imabwerera kwa mwini wake, ngakhale inu munalipira ndi mtima woyera, ndipo mumatsala ndi ntchito yosakasaka munthu amene foni yake inazima kalekale.

Chimodzimodzi ngongole. Ngati galimoto inagulidwa pa ngongole ya banki ndipo ngongoleyo sinathe, banki ikhoza kudzailanda kwa inu. Itanitsani kalata yochokera kubankiyo yonena kuti zonse zinalipidwa.

Kenako makilomita. Mita ya masiku ano ndi ya kompyuta, ndipo kuibweza m'mbuyo si ntchito yovuta kwa odziwa. Ku America mchitidwewu ndi mlandu pansi pa lamulo la dziko lonse kuyambira mu 1972, ndipo kwina konse kumene kuli lamulo loletsa kunamiza ogula, umenewu ndi mlandu. Koma kuti muutsimikize pamafunika pogwira. Yang'anani labala wa pa buleki ndi kilatchi, chiwongolero, ndi m'mphepete mwa mpando wa dalaivala pamene munthu amakhudza polowa. Galimoto yoti yayenda makilomita 40,000 okha siyingakhale ndi labala wodyeka mpaka chitsulo kuonekera. Fufuzani timapepala ta sevisi tomwe amamata pachitseko kapena m'boneti. Ngati inachokera ku Japan, satifiketi yotulutsira galimoto m'dzikolo kawirikawiri imasonyeza makilomita amene analembedwa pamene inkapimidwa ndi boma.

Chomaliza n'chosavuta koma ambiri amachiphonya. Tembenuzani kiyi osaliza injini. Timagetsi tonse ta pa dashibodi tiyenera kuyaka kwa kamphindi: ka injini, ka mabuleki a ABS, ka airbag (chikwama chofufuma pa ngozi kuti chiteteze munthu), ka oyilo. Kamene sikakuyaka n'komwe, kaya anachotsa babu kaya anakamata tepi wakuda kumbuyo, ndiye kuti pali chimene akubisa. Ngati mungathe, bwerani ndi makaniko wanu wokhala ndi makina opimira kompyuta ya galimoto. Makinawo amasonyezanso ngati wina wangofufuta kumene zizindikiro za mavuto. Paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Galimoto yotsukidwa injini mpaka kunyezimira muziikayikira, chifukwa sopo amachotsanso umboni wa pamene oyilo amadonthera.

3. Chilichonse chimene wanena, alembe

Jambulani pa foni chilengezo chimene munaona, zithunzi zake ndi mawu ake onse, chifukwa mukangolipira amachichotsa. Sungani mauthenga onse a pa WhatsApp. Pa mgwirizano wogulitsirana palembedwe nambala ya chasisi, nambala ya injini, chaka, makilomita a tsiku limenelo, mtengo, tsiku, ndi zonse zimene walonjeza. Ngati wanena kuti sinachitepo ngozi, mawu amenewo akhale pa pepala. Ngati wanena kuti akupatsani walanti wa miyezi itatu, alembe kuti walantiyo akukhudza chiyani: injini ndi giyabokosi zokha, kapena ndi zamagetsi zomwe? Wogulitsa woona sanyinyirika kulemba. Lipirani kudzera njira yosiya chizindikiro, monga kubanki, ndipo dipoziti musapereke musanalemberane kuti idzabwezedwa pa zifukwa ziti.

Mudzakumana ndi mawu akuti galimoto ikugulitsidwa "momwe ilili". Ku South Africa amati voetstoots. Pakati pa anthu wamba awiri mawuwa amagwira ntchito, pokhapokha wogulitsa atabisa dala vuto limene ankalidziwa. Koma m'mayiko monga Britain, South Africa ndi a mu European Union, wamalonda sangafafanize ufulu wa wogula pongolemba mzere umenewu. Chimene angachite ndi kukuuzani vuto lenileni, mwachitsanzo kuti giyabokosi imagunda, inu n'kuvomera kugula mukudziwa. Pa vuto limenelo lokha simudzadandaula. Ku America n'kosiyana: m'zigawo zambiri wamalonda amaloledwa kugulitsa galimoto yakale popanda walanti, koma lamulo la bungwe la boma la Federal Trade Commission limamukakamiza kumata pepala pa galasi lonena poyera ngati walanti alipo kapena palibe.

4. Vuto likaoneka

Imani. Kagetsi ka oyilo kapena ka kutentha kakayaka, inu n'kupitiriza ulendo mpaka injini kugwirana, wogulitsa adzanena kuti mwaipha nokha, ndipo mwina adzakhala akunena zoona. Jambulani dashibodi injini ikulira, makilomita aoneke. Ngati pali phokoso tengani vidiyo. Ngati pakudontha kanthu jambulani pansi pomwe yaima.

Apa ndi pamene ambiri amaonongera mlandu wawo. Chifukwa cha mkwiyo kapena changu, amaikokera kwa makaniko wawo, iye n'kumasula injini yonse. Mukafika kwa wogulitsa ndi mabawuti m'chitini, yankho lake limakhala lokonzeka kale: "Anthu anu ndi amene aononga." Makaniko wanu angathe kuipima ndi kulemba lipoti la zimene wapeza, lokhala ndi tsiku ndi siginecha, koma asamasule kanthu wogulitsa asanapatsidwe mpata woiona. Lipotilo linene mfundo imodzi yofunika kwambiri: kodi vutoli ndi loti linalipo kale pa tsiku logula, kapena layamba chifukwa cha kayendetsedwe? Mabuleki kudyeka ndi matayala kutha pa galimoto yakale ndi ukalamba chabe, lamulo silikuthandizani. Gasiketi yopsa imene anaibisa ndi mankhwala othira mu rediyeta ndi nkhani ina.

Muuzeni wogulitsa tsiku lomwelo, polemba. Kuimba foni n'kwabwino, koma mukadula tumizani uthenga wonena kuti, "Monga takambirana pa foni lero, galimoto yachita zakutizakuti."

5. Werengani masiku anu

Nthawi imasiyana dziko ndi dziko, choncho pezani lamulo la kumene munagulirako ndipo muwerenge gawo lokhudza katundu wolakwika. Zitsanzo izi zikuonetsa mmene malamulowa amakhalira.

Ku Britain, Consumer Rights Act ya 2015 imapereka masiku 30 oti mubweze galimoto yolakwika n'kulandira ndalama zonse, ngakhale kuti m'masiku amenewa ndi inu woyenera kusonyeza kuti vuto linalipo kale. Mukavomera kuti akonze, masikuwo amaima kaye kuwerengedwa galimoto ili kugalaja. Akadutsa masiku 30, wogulitsa amapatsidwa mwayi umodzi wokha wokonza kapena kusintha. Zikakanika mukhoza kubweza, koma amachotsako ndalama ya mmene mwaiyendera. M'miyezi 6 yoyamba, pa nkhani yokonza kapena kusinthayi, lamulo limatenga kuti vutolo linalipo kale, ndipo ndi wogulitsa amene ayenera kutsutsa.

Ku South Africa, Consumer Protection Act ya 2008, pa gawo 56, imapereka miyezi 6, ndipo chosangalatsa n'chakuti wosankha ndi wogula: akonze, asinthe, kapena abweze ndalama. Ngati mwasankha kuti akonze, vuto lomwelo n'kubwereranso pasanathe miyezi itatu, wogulitsa ayenera kusintha kapena kubweza ndalama. Mu European Union wogulitsa amayankha pa vuto kwa zaka ziwiri, ngakhale kuti mayiko ena amalola kuchepetsa kufika chaka chimodzi pa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito. Ku America zigawo zili ndi malamulo a magalimoto atsopano amene akukanika kukonzeka, amene anayambira ku Connecticut mu 1982. La ku California limati ngati m'miyezi 18 kapena mamailosi 18,000 oyamba ayesa kukonza vuto limodzi kanayi osatheka, kapena galimoto yakhala kugalaja masiku opitirira 30, zimatengedwa kuti kampani yapatsidwa mpata wokwanira.

Mukaona malamulo onsewa, mudzazindikira chifukwa chimene wogulitsa amakondera kukuzengerezani. Malonjezo a pakamwa akuti sipeya ili m'njira akhoza kukudyerani miyezi yonse ya ufulu wanu. Ine ndimaona kuti vuto likakhala lalikulu, la injini kapena giyabokosi, ndipo likaonekera m'masabata oyamba, ndi bwino kupempha ndalama zanu kusiyana ndi kuvomera zokonza. Galimoto yoyamba ndi kumasulidwa injini kawirikawiri imakhala mlendo wa kugalaja mpaka kale.

6. Lembani kalata yeniyeni

Isakhale yaitali, ndipo musatukwanemo, chifukwa tsiku lina idzawerengedwa ndi woweruza. Tchulani tsiku logula, galimoto ndi nambala yake ya chasisi, mtengo, vuto ndi tsiku limene linaoneka. Nenani chinthu chimodzi chimene mukufuna, ndipo perekani tsiku lomaliza loti ayankhe, monga masiku 14. Mwachitsanzo: "Ndikukana galimotoyi chifukwa sili monga munaifotokozera, ndipo ndikupempha kuti mundibwezere ndalama zonse pasanafike pa tsiku lakutilakuti. Kupanda kutero nditengera nkhaniyi ku bungwe loteteza ogula komanso kukhoti." Phatikizani makope a lisiti, chilengezo, zithunzi ndi lipoti la makaniko. Mapepala enieni musapereke kwa aliyense. Mukakapereka pamanja, wolandira asayine pa kope yanu.

Mukalemba kuti mwaikana galimoto, lekani kuiyendetsa. N'kovuta kuuza khoti kuti galimoto ndi yosayenera pamene mita ikusonyeza kuti mwayenda nayo makilomita 3,000 chilembereni kalatayo. Ndipo mukakaisiya kwa wogulitsa, alembe kuti wailandira, tsiku, makilomita ndi mmene ikuonekera.

Ngati munagula pa ngongole, dziwitsani okongoza polemba, koma musasiye kulipira mwezi ndi mwezi pa nokha. Kusiya kulipira kumabala mlandu wina umene wolakwa amakhala inu.

7. Kugalaja nakonso kuli ufulu

Musasiye galimoto ndi mawu akuti "muione". Mawu amenewa ndi amene amabala bilu yodzidzimutsa. Palembedwe jobu khadi yonena ntchito yoti igwiridwe, makilomita, mafuta amene ali m'thanki, ndi zinthu zili m'galimoto monga jeke, sipeya tayala ndi batire. Itanitsani kotesheni yolembedwa, ndipo nenani momveka kuti akapeza vuto lina akuimbireni asanakhudze. Lamulo la ku South Africa lija limaletsa galaja kulipiritsa zopitirira kotesheni popanda chilolezo chanu, limapereka walanti wa miyezi itatu pa sipeya ndi ntchito yoiika, ndipo limati masipeya akale amene achotsa akubwezereni. Ngakhale kumene lamulo silinena mwatchutchutchu choncho, itanitsani masipeya akalewo. Ndi njira yachidule yodziwira ngati anasinthadi. Ena amaika kachizindikiro ka penti pa fyuluta ya oyilo asanapite ku sevisi. Akaipeza fyuluta yomweyo pobwerako, nkhani yatha.

Pakabuka mkangano wa bilu, dziwani kuti m'mayiko ambiri galaja ili ndi mphamvu yosunga galimoto mpaka mutalipira ntchito imene munavomereza. Kubwera usiku ndi kiyi wina kudzaitenga kungakuikeni m'mavuto. Ngati galimoto mukuifuna msanga, lipirani, koma lembani pa lisiti ndi pa kope yawo kuti mwalipira mosagwirizana nazo ndipo mudzadandaula. Mukatero ufulu wanu wofuna ndalamazo sunafe.

8. Walanti wa kampani ndi kuitanidwa kwa magalimoto

Walanti ndi lonjezo la kampani, ndipo amabwera pamwamba pa ufulu umene lamulo lakupatsani kale. Wogulitsa akanena kuti walanti anatha, sikuti nkhani yathera pomwepo. Sungani buku la sevisi ndi malisiti onse, chifukwa chodzikanira choyamba cha kampani chimakhala chakuti simunkachita sevisi pa nthawi yake. Funso loti kodi kupita kugalaja ina kumapha walanti limayankhidwa mosiyana. Ku America lamulo la Magnuson-Moss la 1975 limaletsa kampani kukukakamizani kugwiritsa ntchito masipeya kapena galaja yawo yokha, pokhapokha akupereka zimenezo mwaulere. Ku South Africa malangizo a bungwe la boma la Competition Commission oyamba kugwira ntchito pa 1 July 2021 anatsegulanso khomo limeneli. Kwina konse werengani kaye zimene munasayina.

Kampani ikapeza kuti mtundu wina wa galimoto uli ndi vuto loopsa, imaitanitsa magalimotowo kuti akonzedwe, ndipo kukonzako kumakhala kwaulere kwa mwini galimoto, kuphatikizapo amene anaigula kwa munthu wina. Nkhani yaikulu kuposa zonse ndi ya ma airbag opangidwa ndi kampani ya Takata. Mankhwala a ammonium nitrate amene amaphulitsa chikwamacho amaonongeka ndi kutentha komanso chinyontho, ndipo pa ngozi kachitsulo kosungira mankhwalawo kamatha kusweka n'kumwaza tizitsulo kumaso kwa dalaivala. Ku America kokha anaitanitsa ma airbag pafupifupi 67 miliyoni, ndipo kampani ya Takata inagwa mu 2017. Magalimoto ambiri a Honda, Toyota, Nissan, Mazda, BMW ndi ena a zaka za m'ma 2000 anakhudzidwa, ndipo ena anagulitsidwa kunja kwa dziko lawo kalata yoitana isanawapeze eni ake. Lowetsani nambala ya chasisi pa tsamba la intaneti la kampani yopanga galimoto yanu, kapena funsani woimira kampaniyo. Chitani zimenezi ngakhale galimoto ikuyenda bwino.

9. Inshuwalansi

Ya third party imalipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu, malinga ndi zimene zalembedwa, koma galimoto yanu ayi. Pa ngozi jambulani malo magalimoto asanasunthidwe ngati kutero sikuika moyo pachiswe, tengani manambala a mboni, dziwitsani apolisi, ndipo uzani kampani yanu msanga chifukwa mapepala ake amakhala ndi malire a masiku. Musavomere kulakwa kapena kulonjeza ndalama pamsewu. Kampani ikakana kulipira, ilembe chifukwa chake ndi ndime ya mgwirizano imene yatsamira.

10. Akakana kapena akangokhala chete

Tsiku munapereka lija likadutsa, pitani patsogolo. Musalembe kalata yachiwiri ndi yachitatu zopempha zomwezo, chifukwa wogulitsa amaphunzirapo kuti mumangoopseza.

Yambani ndi njira zaulere. Ngati wogulitsayo ndi woimira kampani yaikulu, lemberani kulikulu la kampaniyo. Mayiko ena ali ndi ofesi yoweruza madandaulo a magalimoto okha, monga Motor Industry Ombudsman of South Africa ndi The Motor Ombudsman ya ku Britain. Ambiri ali ndi bungwe la boma loteteza ogula: Competition and Fair Trading Commission ku Malawi, Competition and Consumer Protection Commission ku Zambia, National Consumer Commission ku South Africa. Pa nkhani ya inshuwalansi ndi ngongole, dandaulo limapita ku bungwe loyang'anira makampani azachuma. Kulikonseko adzakufunsani chinthu chimodzi poyamba: kodi munampatsa wogulitsa mpata woyankha? Kalata ija imene wolandira anasayina ndiyo yankho lanu. Konzani mapepala motsatana ndi masiku, ndipo pamwamba ikani tsamba limodzi lofotokoza nkhani yonse mwachidule. Wogwira ntchito amene ali ndi mafayilo mulu amayamba ndi imene ikumveka.

Ngati pali chinyengo chenicheni, monga mapepala abodza, nambala ya chasisi yosinthidwa kapena galimoto yakuba, imeneyo ndi nkhani ya apolisi, koma dziwani kuti mlandu wa apolisi cholinga chake ndi kulanga wolakwa. Kuti ndalama zibwerere nthawi zambiri pamafunika mlandu wanuwanu wofuna chipukuta misozi. Makhoti ang'onoang'ono amaweruza milandu ya ndalama zochepa popanda loya, ndipo ndi oyenera mikangano ya kugalaja. Mtengo wa galimoto yonse kawirikawiri umapitirira malire awo, choncho pamenepo onanani ndi loya. Mufunseni zinthu zitatu musanayambe: nthawi yosumira itha liti, mlanduwo udya ndalama zingati, ndipo wogulitsayo ali ndi katundu woti khoti lingalande mukapambana. Funso lachitatuli ndi lofunika kwambiri ngati kampani yake ndi ya dzina lokha, yopanda yadi kapena ofesi yodziwika.